ERIYO YA WAILESI PA GALIMOTO YAKALE: KUIMANGA KAPENA KUIBISA

Nkhani ino iri ya kacitsulo kakang'ono kamene eni magalimoto ambiri sakaganizira kufikira tsiku limene kathyoka kapena kabedwa. Dzina lace ndi eriyo. M'makomboni a Lusaka, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi ku George, magalimoto ambiri oyenda m'miseu ndi akale. Ena anagulidwa kwa mwini waciwiri kapena wacitatu, ena anafika kucokera ku Japan atayenda kale zaka zambiri. Ziri cimodzimodzi ku migodi, ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola ndi ku Luanshya. Mwini galimoto yotere afuna kumva nkhani za dziko, mauthenga a maliro, mpira ndi nyimbo ali pa ulendo. Ndipo kwa woyendetsa takisi kapena minibasi, amene akhala m'galimoto kuyambira mbanda kuca kufikira usiku, wailesi ndiyo bwenzi lace la pa nchito.

Koma apa pali mabvuto awiri. Eriyo ikaonekera kunja, ana aipinda posewera, nthambi za mitengo ziithyola, ndiponso iuza mbala kuti m'katimo muli wailesi. Pakuti m'makomboni nyumba zambiri ziribe mpanda, ndipo magalimoto agona pa mseu kapena pa malo olipira, kutali ndi eni ace. Eriyo ikabisika m'kati, mau a wailesi afooka. Munthu wodziwa m'mene eriyo igwirira nchito akhoza kusankha bwino pakati pa ziwirizi, osataya ndalama zace, ndiponso osaononga galimoto yace poiboola pa malo olakwika.

M'MENE ERIYO IGWIRIRA NCHITO

Mau akacoka m'nyumba youlutsira mau, monga ya ZNBC imene iri pa mseu wa Alick Nkhata kufupi ndi Kalingalinga, atumizidwa ku mlongoti wautali, ndipo kucokera pamenepo amwazika m'mlengalenga ngati mafunde osaoneka ndi maso. Mafunde amenewa athamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndilo liwiro la kuunika. Akagunda citsulo ciri conse autsamo timagetsi tating'ono zedi, kawiri kawiri tosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volti imodzi. Nchito ya eriyo ndiyo kutola timagetsi timeneti ndi kutipereka kwa wailesi, kuti wailesi itikuze ndi kutisandutsa mau. Munthu amene anayamba kuonetsa kuti mafundewa alipodi anali Heinrich Hertz wa ku Germany, m'caka ca 1887, ndipo zilembo za MHz zimene zioneka pa wailesi zikumbutsa dzina lace. Nambala 100 MHz itanthauza kuti mafunde 100,000,000 afika pa eriyo sekondi iri yonse.

Pali zinthu ziwiri zimene mwini galimoto ayenera kuzisunga mumtima. Coyamba ndi ici, kuti mafunde a wailesi sapyola citsulo. Thupi la galimoto liri ngati bokosi la citsulo, ndipo ziri zonse za m'kati mwace zichingidwa, kupatula pa mazenera pokha. Anthu a ku migodi adziwa bwino kuti mafunde akhoza kuchingidwa, pakuti pansi pa mgodi thanthwe liwaletsa kufika, kotero kuti migodi yambiri iyala cingwe capadera m'njira za pansi kuti anchito azilankhulana pa wailesi zao za m'manja. Citsulo ca galimoto cichinga monga thanthwe lija.

Caciwiri ndi ici, kuti kandodo ka citsulo koonekera kunja kaja ndi theka cabe la eriyo. Theka lina ndilo thupi lomwelo la galimoto. Ziwirizi ziri monga munsi ndi mtondo. Cimodzi pa cokha sicisinja cimanga. Cingwe copita ku wailesi ciri ndi njira ziwiri: waya wa mkuwa wa pakati, amene alumikizana ndi kandodo, ndi timawaya tolukana tozinga kunja kwace, timene tilumikizana ndi tsinde la eriyo. Kandodo sikayenera kukhudza thupi la galimoto, koma tsinde liyenera kuluma citsulo ceni ceni, cosapakidwa utoto ndi copanda dzimbiri. Wailesi zambiri zimene eni ace aziyesa zakufa ziri bwino ndithu. Cimene caonongeka ndi malo amene tsinde likhudzana ndi galimoto.

UTALI WOYENERA

Funde liri lonse liri ndi utali wace. Funde la FM la 100 MHz litalika mamita 3. Eriyo imva bwino kopambana ikakhala gawo limodzi mwa magawo 4 a utali wa funde, ndiko kuti masentimita 75, kapena mainchi 30. Ncifukwa cace maeriyo obwera ndi magalimoto kucokera ku fakitale anali a masentimita 75 kufikira 80. Maeriyo aafupi a labala wakuda ali ndi waya wopiringizidwa m'kati mwao kuti akwanitse utali umenewu, koma satola mafunde ambiri monga kandodo koongoka.

Eriyo ikathyoka, ena alowetsa pa citsa cace sipoko ya njinga. Sipoko itali pafupi masentimita 30 cabe, kotero kuti imva masiteshoni apafupi okha. Waya wolimba wa masentimita 75 apambana sipoko. Koma munthu wocita izi apinde nsonga ya wayayo, pakuti m'tinjira topapatiza ta m'komboni galimoto ipita pafupi ndi anthu, ndipo nsonga yakuthwa ikhoza kulasa mwana m'diso. Kampira kakang'ono kamene kali pa nsonga ya eriyo ya ku sitolo kathandiza pa ngozi yomweyi.

Mafunde a AM ndi aatali zedi. La 1,000 kHz litalika mamita 300. Palibe eriyo ya galimoto imene ingafike pa utali woyenera mafunde otere, kotero wofuna AM aisolole eriyo yace yonse kufikira pothera.

KUBISA ERIYO SI CINTHU CACILENDO

Acikulire a ku Matero ndi ku Chilenje akumbukira wailesi ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko lino m'caka ca 1949. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ya ku England popemphedwa ndi Harry Franklin, mkulu wa za nkhani m'Boma la masiku aja. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire lace masheleni 25. Masiku amenewo eriyo ya pa nyumba inali waya wautali womangidwa kucokera pa denga kufika pa mtengo kapena pa nsungwi. Mwini wace sanali kuibisa ai, pakuti inali kuonetsa kwa onse kuti pa nyumbayo amva mau a Central African Broadcasting Station.

Pa magalimoto zinayamba mosiyana, pakuti maeriyo oyamba anali obisika. Kampani ya Galvin ya ku Chicago inayamba kugulitsa wailesi ya m'galimoto yochedwa Motorola m'caka ca 1930. Denga la galimoto pa nthawiyo linali la matabwa ndi nsaru, ndipo m'kati mwace munali waya wolukana wonga wa khola la nkhuku. Amisiri anali kulekanitsa waya ameneyu ndi thupi la galimoto, namusandutsa eriyo. Koma m'caka ca 1935 kampani ya General Motors inayamba kupanga magalimoto a denga la citsulo cokha cokha, ndipo njira ija inatha. Pamenepo anayesa kumanga maeriyo kunsi kwa zopondapo za m'mbali mwa galimoto, koma matope ndi madzi anali kufooketsa mau. Potsiriza anabvomera kuti eriyo ituruke poyera, ndipo kandodo koimirira kanafala ponse ponse. M'caka ca 1969 kampani yomweyo ya General Motors inayamba kuika timawaya topyapyala m'kati mwa galasi lakutsogolo. Galimoto inaoneka bwino, koma eni ace ambiri anadandaula kuti mau a masiteshoni akutali anali ofooka. Kuyambira kale, wobisa eriyo alipira cobisaco ndi mphamvu ya mau.

MALO OMANGAPO

Malo opambana onse ndi pakati pa denga, pakuti pamenepo eriyo iri pamwamba, ndipo citsulo ciizinga mbali zonse, kotero kuti mau sasintha galimoto ikakhota. Koma ciboo ca pa denga cikadontha, madzi agwera pa mipando. Ndiponso pa minibasi, imene iri yaitali kale, eriyo ya pa denga ikola nthambi za mango, zipata zazifupi ndi mawaya a magetsi olendewera. Wosankha denga agule eriyo ya sipuling'i pa tsinde, kapena yotheka kuigoneka cakumbuyo.

Malo aciwiri ndi pa madigadi, kutsogolo kufupi ndi galasi, kapena kumbuyo pa mbali ya buti. Kutsogolo cingwe cikhala cacifupi, koma eriyo iyandikana ndi injini ndi phokoso lace. Nkwabwino tsono kusankha mbali imene kulibe koilo ndi mawaya a mapulagi. Kumbuyo phokoso licepa, koma cingwe citalika.

Munthu wosafuna kuboola galimoto yace ali ndi njira zina. Magalimoto akale ali ndi kangalande ka madzi m'mphepete mwa denga, ndipo ilipo eriyo yopanira pamenepo ndi kabauti. Iriponso ya maginito, imene mwini wace akhoza kuicotsa madzulo ndi kuisunga m'kati. Koma pfumbi likalowa pansi pa maginito likanda utoto, ndipo cingwe copanidwa ndi citseko tsiku ndi tsiku ciduka msanga.

Ena aopa kuti eriyo iitana mphenzi. Coonadi ndi cakuti mphenzi ikagunda galimoto ya denga la citsulo, moto wace uyenda kunja kwa citsuloco kufikira pansi. Wailesi ikhoza kupsya, koma anthu a m'katimo achinjirizidwa ngati mazenera ali otseka ndipo sakhudza zitsulo.

KAMANGIDWE KACE

Nchito isanayambe, makanika amasule waya wa batire wopita ku thupi la galimoto. Atatero ayang'ane kunsi kwa malo amene afuna kuboola. Eriyo yolowa m'kati ifuna danga lalitali pansi pa madigadi. Aone kuti tayala silidzaigunda pokhota, kuti palibe citsulo caciwiri kapena mawaya pansipo, ndi kuti boneti idzatseguka yosaikhudza. Ciboo cikabooledwa sicibwerera, kotero kuyesa kawiri kupambana kuboola kawiri.

Pa malo osankhidwawo amate tepi ya pepala, kuti coboolera cisaterereke ndi kukanda utoto. Ayambe ndi kaciboo kakang'ono, kenaka akakuze pang'ono pang'ono kufikira muyeso wa tsinde. Tizidutswa ta citsulo togwa poboola atisese tonse, pakuti tikatsala pa utoto ticita dzimbiri mvula yoyamba ikagwa.

Tsono afika pa nchito imene ambiri aidumpha. Kunsi kwa ciboo, pamene mano a tsinde adzaluma, apale utoto ndi dzimbiri ndi sandipepa kufikira citsulo ciwala. Pamwamba asapale ai. Pamenepo pakhale labala wochinga madzi, ndipo milomo ya ciboo aipake utoto. Akamanga nati, apake girisi pa malo onse opalidwa aja. Ici ncofunika kweni kweni mu Lusaka. Mvula igwa kuyambira Novembala kufikira Malichi kapena Epulo, ndipo ku Kanyama, kumene nthaka iri yathyathyathya ndi thanthwe liri pafupi, madzi sacoka msanga. Madzi osefukira a m'caka ca 1978 akumbukiridwa kufikira lero. Galimoto yoyenda m'madzi otere imwaza matope kunsi kwa madigadi tsiku ndi tsiku, ndipo citsulo copalidwa copanda girisi sicicedwa kudyeka.

Cingwe cilowe m'galimoto pa ciboo cokhala ndi labala, pakuti mlomo wa citsulo wakuthwa ucidula pang'ono pang'ono galimoto ikamagwedezeka m'maenje. Cisanalowe, acilendeweretse pang'ono pansi pa ciboo, kuti madzi otsata cingwe azidonthera kunja. Cipite kutali ndi mawaya a mapulagi ndi paipi ya utsi. Cikacepa, agule cingwe coonjezera cokhala ndi mitu yace. Kucidula ndi kupota mawaya ndi zala monga acitira ndi waya wa nyale kuononga nchito yonse, pakuti timawaya ta kunja tija ndito tichinga phokoso.

Potsiriza ayese nchito yace, cingwe cisanalowe kumbuyo kwa wailesi. Ndi mita ya magetsi, kapena batire la tochi ndi kababu, aone zinthu zitatu: magetsi ayenera kuyenda kucokera pa kandodo kufika pa kamsomali ka pakati pa mutu wa cingwe, ayenera kuyenda kucokera pa cikopa ca mutuwo kufika pa thupi la galimoto, koma asayende pakati pa kamsomali ndi cikopa. Pa eriyo wamba, zitatuzi zikakhala tero, nchito iri bwino.

NJIRA ZOBISIRA

Njira yoyamba ndi eriyo yolowa yonse m'madigadi. Ina ituruka pokha-pokha mwini wace akaitsegula ndi kakiyi. Ina iri ndi kamota kamene kaiturutsa wailesi ikayatsidwa ndi kuibweza ikazimitsidwa. Njira iyi ipambana zonse, pakuti pa ulendo eriyo iri kunja ndi utali wace wonse, ndipo usiku siioneka. Mdani wace ndi pfumbi la Ogasiti ndi Seputembala, limene lilowa m'mfundo zace ndi kuiumitsa. Mwini wace aipukute ndi nsaru kawiri kawiri, osaipaka girisi wokhuthara, pakuti girisi agwira pfumbi. Ilipo inanso imene kandodo kace kamasuka ngati bauti, ndipo munthu akasunga m'nyumba usiku.

Njira yaciwiri ndi eriyo yomata pa galasi cam'kati. Iri ndi timizere tiwiri ta mkuwa ndi kabokosi kokuzira mphamvu ya mafunde, kamene ambiri akacha busita. Malo ace abwino ndi pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kalirole, pamene siichinga maso a woyendetsa. Timizereto tisagundane ndi citsulo cozinga galasi. Titalikire masentimita angapo. Ngati galasi linamatidwa pepala lakuda lokhala ndi citsulo m'kati mwace, eriyo yotere siimva bwino. Kabokosi kaja kafuna magetsi, ndipo waya wace alumikizidwe ku waya wa wailesi amene apereka magetsi wailesi ikayaka, kawiri kawiri wa mtundu wa buluu. Akalumikizidwa molunjika ku batire, adya batire usiku wonse. Ndiponso waya ali yense wotenga magetsi a batire akhale ndi fyuzi, pakuti waya wopanda fyuzi akasupuka nakhudza citsulo atentha kufikira kuyatsa moto.

Nkofunika kudziwa kuti busita ikuza zonse zimene yalandira, mau pamodzi ndi phokoso lomwe. Siikhoza kupanga mau pamene palibe mafunde. Maeriyo ena ochipa ogulitsidwa m'misika awala bwino m'mapepala ao, koma akale anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Wogula apemphe kuiyesa pa galimoto yace asanalipire.

Njira yacitatu munthu akhoza kuipanga yekha. Atenge cingwe ca eriyo yothyoka, aocherere waya wa mkuwa wa masentimita 75 ku waya wa pakati, amange timawaya ta kunja pa bauti ya thupi la galimoto pafupi pomwepo, ndipo wayayo amgoneke pamwamba pa dashibodi ya pulasitiki kapena pa thabwa la pansi pa galasi lakumbuyo. Mkuwa ndiwo woyenera nchitoyi pakuti magetsi ayenda bwino m'menemo. Ndi mkuwa womwewo umene ukumbidwa ku migodi, ndi kusanduka mawaya ku fakitale ya ZAMEFA ku Luanshya.

Malo oipa koposa ndi kunsi kwa galimoto, m'buti ndi pansi pa boneti. Kumeneko citsulo cichinga mafunde, ndipo kunsi kuli matope ndi miyala.

WAILESI ZA KU JAPAN

Kuyambira zaka za m'ma 1990, magalimoto ambiri a mtundu wa Toyota ndi Nissan akhala akufika kucokera ku Japan, ambiri a iwo kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa malire a Nakonde. Eni ace ena adabwa poona kuti wailesi imva masiteshoni awiri kapena atatu okha, nayamba kugula maeriyo atsopano. Bvuto siliri pa eriyo ai. Ku Japan wailesi za magalimoto akale zinapangidwa kuti zizimva FM kuyambira 76 kufikira 90 MHz, pamene ku Zambia masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Kotero wailesi yotere imva Radio Phoenix, imene inayamba kuulutsa mau m'caka ca 1996 pa 89.5, koma masiteshoni ambiri okhala pamwamba pa 90 siiwafikira.

Mankhwala ace ndi kabokosi kochedwa ekisipanda, kamene kaikidwa pakati pa cingwe ca eriyo ndi wailesi. Nchito yace ndiyo kutsitsa manambala. Kabokosi kotsitsa ndi 14 kacititsa kuti siteshoni ya pa 100 ioneke pa 86. Koma ya pamwamba pa 104 ikhalabe yosamveka. Kotsitsa ndi 18 kafikira 108, koma masiteshoni a pakati pa 90 ndi 94 atayika. Wogula adziwe tsono nambala ya siteshoni imene aikonda asanasankhe. Nthawi zina masiteshoni awiri agwera pa nambala imodzi nasokonezana. Wofuna kumva onse bwino lomwe asinthe wailesi yonse.

PHOKOSO LA INJINI

Wailesi ina imveka bwino galimoto itaima, koma injini ikalira pabuka phokoso. Phokoso lothetheka ngati cimanga cokazinga, limene lifulumira injini ikathamanga, licokera ku mapulagi. Mankhwala ace ndi mawaya a mapulagi oletsa phokoso, kapena tizisoti toletsa phokoso tobveka pa mapulagiwo. Kulira kosalekeza kumene kukwera ndi kutsika pamodzi ndi injini kucokera ku olitaneta, kapena ku dainamo pa magalimoto okalamba. Pamenepo makanika wa magetsi amanga kondensa. Masiku ano palinso adani ena atsopano, ndiwo machaja ochipa a foni ndi mababu ochipa a LED. Mwini galimoto azule chaja, azimitse nyale, amve ngati phokoso latha.

Pali njira yapafupi yodziwira kumene phokoso lilowera. Azule cingwe ca eriyo kumbuyo kwa wailesi injini iri kulira. Phokoso likatha, ndiye kuti lilowera ku eriyo, ndipo coyamba kuyang'ana ndi dzimbiri pa tsinde. Likapitirira, ndiye kuti lilowera ku waya wa magetsi.

MAGALIMOTO OKALAMBA NDITHU

Alipobe anthu osunga Morris Minor, Volkswagen ya kafulu kapena Land Rover yakale imene anasiya atate ao. Awa acenjere ndi zinthu zingapo. Magalimoto ambiri a ku England opangidwa cisanafike cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anali kulumikiza mutu wa + wa batire ku thupi la galimoto, pamene wailesi za masiku ano zifuna kuti mutu wa - ndiwo ulumikizidwe kumeneko. Wailesi yatsopano ikamangidwa m'galimoto yotere ipsya nthawi yomweyo, ndipo cingwe ca eriyo cikhoza kupsya naco, popeza cilumikiza bokosi la wailesi ndi thupi la galimoto. Makanika wa magetsi ayambe watembenuza magetsi a galimotoyo. Volkswagen zopangidwa cisanafike caka ca 1967 zambiri zinali za mavolti 6, ndipo wailesi ya mavolti 12 siilira pamenepo.

Thupi la Land Rover yakale ndi la aluminiyamu, kotero maginito sagwira. Aluminiyamu apititsa magetsi bwino ndipo eriyo yoboolera igwira nchito, koma pamene citsulo cikhudzana ndi aluminiyamu pali cinyezi, aluminiyamuyo adyeka nasanduka ufa woyera. Girisi afunika kwambiri pamenepo. Pa vaneti, denga la kumbuyo losakhala la citsulo silikhoza kukhala theka lija la eriyo. Payenera kuikidwa lata kunsi kwace, lolumikizidwa ndi thupi la galimoto.

Wailesi zakale ziri ndi kasikuluwu kakang'ono pafupi ndi polowera cingwe ca eriyo, kapena kuseri kwa cotembenuzira masiteshoni. Nchito yace ndiyo kugwirizanitsa wailesi ndi eriyo pa AM. Eriyo ikasinthidwa, munthu aisolole yonse, afune siteshoni yofooka kufupi ndi 1,400 kHz, nthawi ya usiku pamene masiteshoni akutali amveka, ndipo atembenuze kasikuluwuko pang'ono pang'ono kufikira mau akwera kopambana.

KUSANKHA

Mafunde a FM ayenda molunjika monga kuunika, ndipo mapiri awachinga. Lusaka ali pa malo okwera ndi athyathyathya, ndipo milongoti iri pafupi, kotero kuti m'tauni ngakhale eriyo yofooka imva. Koma wopita ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupi 570, aona mau akuzirala pamene mseu ulowa m'mapiri a ku Luangwa. Momwemonso wopita ku Mazabuka akafika pa mapiri a Munali. Pa malo otere pamene mafunde atsala ocepa, kusiyana kwa eriyo ya kunja ndi yobisika kumveka poyera.

Cifukwa cace woyendetsa takisi amene nchito yace iri pakati pa Matero, tauni ndi Mtendere, ndipo galimoto yace igona pa mseu, acita bwino kumata eriyo pa galasi. Ataya mau pang'ono, koma apulumutsa zenera lace ndi wailesi yace, makamaka akamacotsanso nkhope ya wailesi usiku. Munthu wa ku migodi amene apita kumudzi ku Katete kapena ku Lundazi pa chuthi amange eriyo ya kunja ya masentimita 75, yolowa m'kati kapena yomasuka. Ndipo ali yense, asanagule wailesi yatsopano, ayambe wayang'ana tsinde la eriyo, cingwe, ndi manambala a pa wailesi yace; pamene zimkanika afunse makanika wa magetsi, pakuti safunsa anadya phula.